Kodi ntchito ya katswiri ngati Frank Gupton tingaiyeze ndi chiyani?

Tadala M. analemba kuti:

Ndikupereka moni kwa nonse, makamaka kwa akuluakulu amene mumagwira ntchito za mankhwala ndi za kafukufuku. Ine ndine wophunzira wa chaka chomaliza m'maphunziro a zamankhwala, ndipo tapatsidwa ntchito yoti aliyense asankhe wasayansi mmodzi wa m'nthawi yathu ino, afotokoze zimene wafufuza ndi kufalitsa, kenako aonetse mmene ntchito yakeyo yakhudzira asayansi ena ndi anthu wamba. Anzanga ambiri asankha anthu amene anatulukira mankhwala atsopano, koma ine ndasankha Pulofesa B. Frank Gupton wa ku Virginia Commonwealth University, mumzinda wa Richmond ku America, chifukwa dzina lawo limamveka pa nkhani ya nevirapine, mankhwala amene anthu ambiri kwathu kuno anamwa kwa zaka zambiri, amenenso makanda obadwa kwa amayi amene ali ndi HIV amamwetsedwa.

Chimene chandiimitsa mutu ndi ichi. Aphunzitsi athu atiuza kuti tiyambe ndi manambala: kuchuluka kwa mapepala a kafukufuku amene munthuyo anafalitsa, kuchuluka kwa nthawi zimene asayansi ena anatchula mapepalawo, komanso h-index yake, nambala imodzi imene imaphatikiza ziwirizo. Nditafufuza, ndapeza kuti a Gupton anakhala zaka pafupifupi 30 akugwira ntchito m'makampani asanapite kukaphunzitsa ku yunivesite, ndipo mapepala awo ambiri ndi a zaka za ku yunivesitezo, pamene zaka za m'makampani zikuoneka ngati munthu anangokhala chete. Ndapezanso kuti nevirapine sanatulukire ndi iwo, koma gulu lina la akatswiri a kampani ya Boehringer Ingelheim. Ntchito ya a Gupton inali yopeza njira yopangira mankhwalawo m'fakitale.

Funso langa tsono ndi lakuti, kodi munthu wa ntchito yotere tingamuyeze ndi muyezo womwewo umene timayezera pulofesa amene wakhala pa yunivesite moyo wake wonse? Ngati sichoncho, ndilembe chiyani m'malo mwake chimene aphunzitsi angachivomere kuti ndi umboni, osati kungotamanda munthu?

Bambo Chisale anayankha kuti:

Tadala, mwasankha bwino, ngakhale kuti mwadzisankhira ntchito yovutirapo kuposa ya anzanu. Ine ndimagwira ntchito m'fakitale ina yopanga makemikolo ku Gauteng, ndipo ndikufuna ndiyambe ndi kufotokoza chimene munthu ngati a Gupton amachita, chifukwa popanda kumvetsa zimenezo manambala amene mukuwafunawo sangakuuzeni kanthu.

Katswiri wotulukira mankhwala amafuna magalamu ochepa chabe oti ayesere, ndipo sadera nkhawa kuti njira yake ndi yodula kapena kuti ikutaya zinthu zambiri, malinga wapeza chimene akufuna. Katswiri wa njira zopangira mankhwala amayambira pamene mnzakeyo wasiyira. Iye amafunika kutulutsa matani a chinthu chenicheni chochizacho, chimene m'mafakitale timachitcha API, choyera mofanana ulendo uliwonse, pa mtengo umene wogula angaufikire, popanda kuvulaza antchito. Amene anaphikapo nsima ya pamaliro amadziwa kuti si nsima ya pabanja yongochulukitsa ufa: moto, mthiko ndi nthawi yovundulira zonse zimasintha. Mu labotale, botolo la lita imodzi likayamba kutentha mumangoliviika m'madzi oundana ndipo limazizira pomwepo. Thanki ya malita 5,000 sichita choncho, chifukwa khoma lake lotulutsira kutentha ndi laling'ono poyerekeza ndi kuchuluka kwa zimene zili m'kati, moti kemikolo imene munaithira kamodzi mu labotale muyenera kuidontheza kwa maola angapo, diso lili pa chipangizo choyezera kutentha. Kusefa kumene kunatenga mphindi zochepa patebulo kumatha kutenga tsiku lathunthu m'fakitale ngati timibulu ta mankhwala tatuluka tating'ono kwambiri n'kutseka nsalu ya sefa. Munthu amene wapeza mmene angakulitsire timibuluto kuti sefa isatsekeke wapulumutsira kampani ndalama zambiri, koma zimenezo kawirikawiri zimathera m'mabuku a m'fakitale momwemo, chifukwa kampani sifuna kuti opikisana nayo adziwe.

Ndiye chifukwa chake zaka za a Gupton ku makampani a Hoechst Celanese ndi Boehringer Ingelheim zikuoneka ngati zopanda kanthu mukamaziyang'ana m'magazini a sayansi. Ntchito ya zaka zimenezo muifune m'mapatenti, zikalata za boma zotsimikizira umwini wa chinthu chimene munthu watulukira. Nevirapine analoledwa ku America mu 1996 ndipo ankagulitsidwa ndi dzina lakuti Viramune. Mankhwalawa amapangidwa polumikiza tizigawo tiwiri ta mtundu wa pyridine, ndipo kamodzi mwa tizigawoti, kamene akatswiri amakatcha CAPIC, ndiko kanali kovuta kupeza komanso kodula. Dzina la a Gupton lili pa mapatenti a njira zopangira CAPIC, ndipo ku Boehringer Ingelheim iwo ndiwo ankatsogolera gulu lokonza njira zopangira mankhwala m'fakitale.

Atapita ku yunivesite mu 2007 anabwereranso ku mankhwala omwewo. Mu 2014 bungwe la Bill & Melinda Gates Foundation linawapatsa ndalama zoti aone ngati mtengo wopangira nevirapine ungatsikebe, ndipo iwo pamodzi ndi D. Tyler McQuade ndi ophunzira awo anaunikanso njira yonse kuyambira pa zipangizo zoyambira. CAPIC anaimanga kuchokera ku makemikolo otchipa opezeka paliponse, monga acetone ndi malononitrile. Pa kagawo kachiwiri anagwiritsa ntchito mtundu wina wotchedwa MeCAN, umene unawalola kulumikiza tizigawo tiwirito ndi kutseka mkombero wa pakati m'thanki imodzi, osatulutsamo chapakatikati kuti achisefe ndi kuchiumitsa monga zinkachitikira kale. Pepala lawo la mu 2017 m'magazini ya Green Chemistry linanena kuti njira yatsopanoyi imatulutsa 91 peresenti ya mankhwala amene akanatha kutuluka, ndipo ntchito yonse inatsika kufika pa magawo 4 okha.

Nambala imene ine ndingakulangizeni kuti muiike patsogolo ndi PMI, imene imawerenga makilogalamu a zinthu zonse zolowa m'fakitale, kuphatikizapo madzi ndi masolventi osungunulira makemikolo, kuti mutulutse kilogalamu imodzi ya mankhwala. Pa nevirapine nambalayi inatsika kuchoka pa 46 kufika pa 11. Kuti muone kukula kwa zimenezi, kumbukirani zimene Roger Sheldon anaonetsa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, kuti mafakitale a mankhwala amataya makilogalamu 25 mpaka kupitirira 100 a zinyalala pa kilogalamu iliyonse ya mankhwala, kuposa nthambi ina iliyonse ya mafakitale a makemikolo. Kilogalamu iliyonse imene yachotsedwa pa PMI ndi solventi imene sinagulidwe, imene sinatenthetsedwe, ndiponso imene sinalipiridwe kuti ikatayidwe bwino. Kwa ife a m'fakitale, umenewo ndiwo muyezo, ndipo sindinaonepo bwana wa fakitale akufunsa h-index ya munthu asanavomere njira yake.

Mayi Nankhoma anayankha kuti:

Ndikugwirizana ndi Bambo Chisale pa zambiri, koma ndikuopa kuti Tadala angapite kwa aphunzitsi ake n'kukanena kuti manambala a mapepala ndi opanda ntchito, zimene sizoona ndipo zingamutayitse malikisi. Ine ntchito yanga ndi ya mulaibulale ya pa koleji, ndipo kuthandiza ophunzira ndi aphunzitsi kuwerenga manambala amenewa ndi mbali ya ntchitoyo.

Tadala, h-index inayambitsidwa mu 2005 ndi Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi wa ku University of California ku San Diego. Munthu amene h-index yake ndi 20 ali ndi mapepala 20 amene lililonse latchulidwa m'mapepala a ena nthawi zosachepera 20. Muyezowu umakondera munthu amene wafalitsa kwa zaka zambiri mosalekeza, ndipo umakonderanso nthambi za sayansi zimene zili ndi ofufuza ambiri olemba mapepala ambiri. Apa ndi pamene pali vuto lenileni la nthambi imene mwasankhayi: anthu amene amawerenga mwachidwi mapepala a njira zopangira mankhwala ndi akatswiri a m'mafakitale a ku Hyderabad ku India, ku Zhejiang ku China ndi kwina, ndipo iwowa akapeza njira yabwino amaitenga n'kukaigwiritsa ntchito, salemba pepala lina loitchula. Pepala likhoza kusintha kapangidwe ka matani a mankhwala koma n'kutchulidwa kangapo kokha. Ngakhale magazini yaikulu ya nthambiyi, Organic Process Research & Development ya bungwe la American Chemical Society, inayamba kutuluka mu 1997, pamene a Gupton anali atagwira kale ntchito zaka zambiri.

Komabe manambalawo muwalembe, chifukwa amaonetsa chinthu china chimene PMI siingaonetse, ndicho mmene maganizo a munthu afalikira pakati pa ofufuza anzake ndi ophunzira. Chofunika ndi kuwalemba mosamala. Nenani kumene mwawatenga ndi tsiku limene mwawatenga, chifukwa Google Scholar, Scopus ndi Web of Science sizipereka nambala yofanana ya munthu mmodzi, ndipo ya Google Scholar imakhala yokwera chifukwa imawerenga zinthu zambiri zimene enawo sawerenga. Samalaninso ndi dzina. Mumzinda womwewo wa Richmond munagwiranso ntchito katswiri wina wa kemisitiri, John T. Gupton wa ku University of Richmond, amene wafalitsa mapepala ambiri pa makemikolo a mtundu wa pyrrole, ndipo mukangolemba dzina la Gupton lokha makina akusakanizirani mapepala a anthu awiri. Funani B. F. Gupton, kenako muone adiresi ya wolemba pa pepala lililonse.

Muyeneranso kudziwa mwambo wa kalembedwe ka mayina m'mapepala a kemisitiri. Dzina loyamba nthawi zambiri limakhala la wophunzira kapena wofufuza amene anagwira ntchito ndi manja ake mu labotale, pamene dzina la mtsogoleri limakhala kumapeto kapena limaikidwa kanyenyezi. Pepala la nevirapine lija lili ndi olemba oposa 10. Choncho musalembe ngati kuti a Gupton anachita zonse okha, ndipo musiyanitse mapepala amene iwo anatsogolera ndi amene anangothandizapo. Gawani mndandanda wanu pawiri, zaka za m'makampani ndi zaka za kuyambira 2007, ndipo m'gawo loyambalo muike mapatenti, amene mungawapeze kwaulere pa Google Patents kapena pa Espacenet.

Ngati aphunzitsi anu angaumirire kuti nambala imodzi ikwanira, muwakumbutse mwaulemu za mgwirizano wa DORA, umene unakonzedwa ku San Francisco mu 2012, umene mayunivesite ndi mabungwe ambiri opereka ndalama za kafukufuku anasaina, wonena kuti ntchito ya wofufuza iyesedwe poona zimene zili m'kati mwake osati kutchuka kwa magazini imene yatulukamo.

Bambo Kamanga anayankha kuti:

Ine ndabwera ndi maganizo osiyanako, ndipo a Chisale andikhululukire. Ndakhala ndikupereka mankhwala pa chipatala cha boma kuyambira nthawi imene ma ARV aulere ankayamba kumene, ndipo pali chinthu chimene mayankho awiriwa sanakhudze, ndicho nthawi.

Mtengo wa mankhwala amene munali nevirapine unagwa kalekale pepala la 2017 lisanalembedwe. Mu February 2001 kampani ya Cipla ya ku India, motsogozedwa ndi Yusuf Hamied, inauza bungwe la Médecins Sans Frontières kuti ingagulitse stavudine, lamivudine ndi nevirapine pa madola 350 pa munthu mmodzi pa chaka, pamene kumayiko a azungu chithandizo chotere chinkapitirira madola 10,000. Chimene chinagwetsa mtengowo ndi mpikisano wa makampani opanga mankhwala ofanana ndi oyambawo, malamulo a mapatenti a ku India a nthawi imeneyo, ndi phokoso la anthu omenyera ufulu wa odwala. Pamene Malawi inayamba kugawa ma ARV aulere mu 2004, piritsi limene tinkapereka linali la mankhwala atatu omwewo, limene kenako tinkalitcha 1A. Mu 2011, pamene inayamba ndondomeko ya Option B+, yopereka ma ARV kwa moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene ali ndi HIV, amayi oyembekezera anayamba kulandira 5A, mmene muli efavirenz m'malo mwa nevirapine, ndipo posakhalitsa akuluakulu ambiri anasamutsidwira komweko. Mu 2019 tinasamukira ku 13A, mmene muli dolutegravir. Zifukwa zake timazidziwa ife amene tinkaona odwala: nevirapine amatulutsa zilonda zoopsa pakhungu mwa anthu ena, amatha kuwononga chiwindi, ndipo kachilombo sikachedwa kumupima mphamvu.

Ndiye taonani, Tadala. Njira yabwino kwambiri yopangira nevirapine inafika pamene nevirapine anali akutuluka pakhomo. Ngati mulemba kuti a Gupton anatsitsa mtengo wa ma ARV ku Malawi, munthu wodziwa mbiriyi akufunsani kuti ndi piritsi liti, chaka chiti, ndipo mukasowa choyankha.

Pali chitsanzo china chimene chimandichititsa kukayikira nkhani zonse za njira zatsopano zimene zimatamandidwa zisanafike pamsika, ndipo chikukhudza LA amene timapereka kwa odwala malungo. Jay Keasling wa ku University of California ku Berkeley ndi gulu lake anasintha yisiti kuti izitulutsa artemisinic acid, imene ingasandutsidwe artemisinin, chipangizo choyambira cha chochiza chimodzi cha mu LA, popanda kulima chomera cha Artemisia annua chimene artemisinin amachokerako. Mapepala awo a mu 2006 ndi 2013 anatuluka m'magazini ya Nature ndipo atchulidwa kambirimbiri, moti pa muyezo wa Mayi Nankhoma ntchitoyo ili pamwamba zedi. Kampani ya Sanofi inatsegula fakitale ku Garessio ku Italy mu 2013 kuti izipanga artemisinin mwa njira imeneyi. Koma alimi a ku China, ku Vietnam ndi kum'mawa kwa Africa anali atadzala chomeracho chambiri, mtengo wa artemisinin wa kumunda unagwa kufika pansi pa mtengo wa wa m'fakitale, ndipo mu 2016 Sanofi inagulitsa fakitaleyo kwa kampani ya Huvepharma. Sayansi yake inali yabwino, PMI kapena muyezo wina uliwonse ukanaiyamikira, koma msika unaikana.

Choncho ine sindikhulupirira h-index, ndipo PMI ya papepala sindiikhulupiriranso. Funso langa kwa wofufuza aliyense wa mtundu umenewu ndi lakuti, ndi fakitale iti imene ikugwiritsa ntchito njira yanuyo lero, ndipo botolo limene likufika pa shelefu yanga latsika mtengo ndi ndalama zingati?

Bambo Chisale anayankhanso kuti:

Achimwene a Kamanga, mbiri imene mwafotokozayo ndi yoona, ndipo Tadala aisunge bwino. Koma funso lanu lomalizalo, ngakhale likumveka lachilungamo, palibe katswiri wa njira zopangira mankhwala amene angaliyankhe ndi nambala imodzi, ndipo chifukwa chake n'chofunika kuti Tadala achimvetse.

Fakitale siulula njira imene ikugwiritsa ntchito. Njirayo imalembedwa m'mafayilo achinsinsi amene amapita kwa oyang'anira mankhwala okha, monga FDA ya ku America kapena nthambi ya WHO imene imavomereza mankhwala oti mabungwe a mayiko azigula. Ndiponso kawirikawiri fakitale sitenga njira yonse ya munthu. Imatengako sitepe imodzi, kapena kungosintha kumene imagula chipangizo choyambira. Zimachitikanso kuti wogula wamkulu akangodziwa kuti API ingapangidwe motchipa, amapita ndi chidziwitsocho pa tebulo lokambirana mtengo, ndipo wogulitsa amatsitsa ngakhale sanasinthe kalikonse m'thanki yake. Phindu lotere silikhala ndi dzina la munthu.

Kuchedwa kumene mukudandaula nako kulinso ndi chifukwa chomveka. Kusintha njira yopangira API kumasintha zosafunika zimene zimatsalira m'mankhwala, ndipo fakitale iyenera kuonetsa oyang'anira kuti zatsopanozo yazidziwa ndipo yaziletsa. Nkhani ya valsartan, mankhwala a kuthamanga kwa magazi, ndiyo imatikumbutsa zimenezi. Kampani ya Zhejiang Huahai inasintha njira yopangira kagawo ka tetrazole n'kuyamba kugwiritsa ntchito solventi ya DMF, ndipo pothetsa mphamvu ya sodium azide yotsala inkathira sodium nitrite. Zinthu ziwirizi zinakumana n'kupanga NDMA, kemikolo imene ikuganiziridwa kuti imayambitsa khansa, ndipo palibe amene ankaiyang'ana chifukwa palibe amene ankaiyembekezera. Zitadziwika mu 2018, mankhwalawo anachotsedwa pamsika m'mayiko ambiri. Njira yatsopanoyo inali yotchipa ndipo inkatulutsa zambiri, koma inali yoipa. Ndiye fakitale ikamazengereza kusintha, si ulesi ayi.

Pa za nthawi, ndinganene kuti nevirapine anali poyesera kaganizidwe, ndipo kaganizidweko ndiko kanapitirira. Mu 2017 bungwe la Gates lija linapereka madola 25 miliyoni kuti akhazikitse Medicines for All Institute, ndipo kuyambira pamenepo gulu la a Gupton lagwira ntchito pa tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir, amene ndi mankhwala atatu a mu 13A imene mukupereka leroyo, komanso pa bedaquiline wa chifuwa chachikulu chosamva mankhwala. Mu 2018 iwo pamodzi ndi Timothy Jamison wa ku yunivesite ya MIT ku America anafalitsa njira ya masitepe 7 yopangira dolutegravir podutsitsa makemikolo m'timapaipi mosalekeza m'malo mwa mathanki, ndipo mu 2020 anafalitsa njira yaifupi yopangira molnupiravir, mankhwala a COVID-19, kuchokera ku kemikolo ya cytidine mothandizidwa ndi enzaimu. Chimene ine ndimachiona chachilendo pa ntchito yonseyi n'chakuti malipoti a njirazi amaikidwa poyera pa intaneti, ndi tsatanetsatane wa kutentha, kuchuluka kwa chilichonse ndi zosafunika zimene zinapezeka, kuti fakitale iliyonse itenge popanda kulipira. M'nthambi imene mwambo wake ndi kubisa, chimenecho pachokha ndi kusintha kwakukulu.

Ndipo si zoona kuti ntchito yotere sifika pa shelefu. Gulu la David Ripin la bungwe la Clinton Health Access Initiative linafalitsa mu 2010 mmene linakwezera zotuluka za tenofovir kuchoka pa 13 peresenti kufika pa 24 peresenti, likugwira ntchito limodzi ndi mafakitale enieni. Pamene mu September 2017 kunalengezedwa kuti piritsi la tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir lizigulidwa pa madola pafupifupi 75 pa munthu pa chaka, mgwirizano wa ogula ndi lonjezo logula zambiri ndizo zinamveka m'nyuzipepala, koma makampani a Mylan ndi Aurobindo sakanasaina mtengo umenewo API ikanakhala kuti ikupangidwabe mwa njira zoyambirira zija.

Tadala M. analembanso kuti:

Zikomo kwambiri Bambo Chisale, Mayi Nankhoma ndi Bambo Kamanga. Ndaganiza zoti manambala a mapepala ndi mapatenti ndiwaike poyamba monga aphunzitsi anafunira, kenako ndilondole mankhwala amodzi, nevirapine, kuyambira pa patenti mpaka pa pepala la 2017, ndipo mbiri ya 1A, 5A ndi 13A ndiiike pambali pake kuti owerenga aone okha kusiyana kwa zaka. Chatsala ndi chimodzi. Ndaona kuti a Gupton analandira mphoto ndiponso anathandiza kukhazikitsa kampani. Kodi zimenezi ndi umboni wa mphamvu ya kafukufuku wawo, kapena ndizisiye?

Mayi Nankhoma anayankhanso kuti:

Mphotoyo muilembe, chifukwa mphoto ya akatswiri anzake ndi umboni wa mtundu wina, wochokera kwa anthu amene anawerenga ntchitoyo ndi kuimvetsa. Mu 2018 a Gupton ndi a McQuade analandira Green Chemistry Challenge Award, m'gawo la ofufuza a ku mayunivesite, chifukwa cha ntchito ya nevirapine yomweyo. Kuti owerenga anu aone kulemera kwa mphotoyi, mungatchule kuti ndi yomweyo imene makampani a Merck ndi Codexis analandira mu 2010 atapeza enzaimu yolowa m'malo mwa chitsulo chodula cha rhodium popanga sitagliptin wa matenda a shuga. Ntchito imeneyo ndi imodzi mwa zochepa zimene zinakwaniritsa miyezo yonse imene takambirana pano, popeza pepala lake linatuluka m'magazini ya Science, latchulidwa kwambiri, ndipo njirayo inalowadi m'fakitale.

Kampaniyo ndi Phlow, imene a Gupton anakhazikitsa pamodzi ndi Eric Edwards, ndipo mu May 2020 inalandira kontirakiti ya madola 354 miliyoni kuchokera ku BARDA, nthambi ya boma la America, kuti izipanga mankhwala ofunika ndi zipangizo zake m'dziko momwemo m'malo modalira India ndi China. Muitchule, koma muiike payokha, chifukwa cholinga chake ndi chitetezo cha msika wa ku America osati kutsitsa mtengo wa mankhwala a mayiko osauka, ndipo kukula kwa kontirakiti sikuonetsa ubwino wa kafukufuku. Mukamawerenga mapepala awo a kuyambira 2020, muzionanso kandime kakang'ono ka kumapeto kamene olemba amanena ngati ali ndi gawo m'kampani imene ingapindule ndi zotsatirazo, ndipo zimene mwapezapo muzilembe m'lipoti lanu monga momwe zilili.